Maloya a M'foni

Nyumba ya ku Chankhanga yapeza mwini wina.
Chatsala ndi mapepala.

Mwana wanga Dalireni wanditsegulira foni:
maloya atatu, onse opanda nkhope.
Woyamba akuti masabata awiri basi.
Wachiwiri akufuna ndalama moni ndisanamalize.
Wachitatu wafunsa nambala ya puloti
ndi dzina la malemu.

Ndakhala pakhonde, magalasi pamphuno,
netiweki ikubwera n'kuthawa ngati mavenda a soya.
Malata awa tinakhoma ndi mabelo naini a fodya
chaka chimene Nachisale anali ndi pakati
pa Dalireni yemweyu.
Pafomu palibe mpata wolembapo zimenezo.

Ndasankha wachitatu uja.
Sindikudziwa ngati ndi wotchipa.
Dzina la mkazi wanga walilemba bwino,
osaphonya chilembo.