Utuchi wa pa Tsamba

Magetsi athawanso dzuwa lisanakwere.
Kalingalinga yense akutsokomola utsi wa majenereta,
ndipo ine, pa benchi ya Bambo Chizonde,
ndatsegula laputopu yotsala ndi mpweya wa ola limodzi.

Akufuna tsamba la pa intaneti mmisiriyu.
Akuti lizitseguka ndi kanema,
mpando uzizungulira wokha ngati mkwatibwi,
nyimbo ikulira chapansipansi,
dzina lawo likugwa kumwamba chilembo chimodzichimodzi
monga anaonera pa tsamba la sitolo ina ya ku Kabulonga.

Ndafunsa: wogula wanu ndani?
Akanda chibwano ndi pensulo.
Akuti ndi Mayi Tikambenji a ku Chawama,
aja anatenga kabati m'nyengo yozizira
namalizitsa ngongole mvula itagwa.
Foni yawo ndaidziwa ngakhale sindinaione:
batire yofiira ngati diso la wosagona,
bandulo yogula ndi chenji cha tomato,
kutchaja kwake n'kwa wometa wokhala ndi sola,
nakonso n'kolipira.

Ndati, bambo, chithunzi chimalemera.
Aseka mpaka guluu wagwedezeka m'chitini.
Iwo amene amasenza mukwa paphewa
auzidwe za kulemera ndi mwana wa mabatani?

Komatu kwinakwake kuli nyumba yopanda mawindo,
makina ataima m'mizere, osagona, osaphethira.
Chala chikagogoda kuno, iwo amatentha uko,
zokupizira n'kumalira usiku wonse.
Mtsinje umene amamwa makinawo sindiudziwa,
koma wathu ndimaudziwa:
Kariba akaphwa, miyala yomira kale imaothera dzuwa,
ndipo mdima umafika kuno ndi ndandanda yake
ngati mwininyumba pakutha pa mwezi.

Choncho ndayamba kupala.

Kanema uja, pansi.
Nyimbo ija, pansi.
Zilembo zokongola zoitanitsa kutsidya kwa nyanja ndazibweza,
zomwe zili kale m'foni zikwanira.
Chithunzi cha bedi chinali chachikulu ngati chipupa,
ndachisema, ndachisemanso,
mpaka chatsala chongokwana pachikhatho
koma mitsempha ya thabwa ikuonekabe.
Zithunzi za m'munsi ndaziuza kuti zidikire,
zisadzuke chala chisanazifikire.
Mizere ya malamulo imene palibe anaiitana,
yobwera pagulu ngati achibale a paukwati,
ndaiperekeza pachipata umodziumodzi.

Pambali panga pulena ikulira shwee, shwee,
Lekani wophunzira ntchito wawerama pa chitseko chatsopano.
Utuchi wake ukuunjikana pamapazi.
Wanga suoneka,
sungakolezere mbaula, sungayalidwe m'khola la nkhuku.

Tayesa pa foni ya Lekaniyo,
yong'aluka galasi, netiweki kamzere kamodzi.
Wagogoda, wati auzire fumbi kaye,
asanatseke milomo tsamba lafika:
mipando isanu ndi umodzi, mitengo yake, nambala yoimbira,
ndi mawu oti tili kuseri kwa ogulitsa njerwa.

Bambo Chizonde ayang'ana nthawi yaitali.
Akuti, koma mpando sukuzungulira.
Ndakhala chete.
Akoka umodzi wa mipando yawo, akhalapo,
autsamira, augwedeza dala, osalira ngakhale mwendo umodzi.
Akuti, wanga ukazungulira ndiye kuti ndalakwitsa.

Dzina lokha akana kugonja,
akulifuna la mtundu wa golide.
Ndavomera. Mtundu sulemera.

Sindinama, sindinabweze madzi ku Kariba.
Mawa ndandanda ya mdima ibweranso,
ndipo pena pake wina akumanga tsamba lolemera ngati lole.
Ndangochotsa katundu pamutu pa mayi mmodzi
amene sadzadziwa n'komwe kuti anatulidwa.

Laputopu yazima ndisanatsanzike.
Malipiro theka ndalama, theka kampando ka mukwa,
ndakanyamula mpaka pokwerera basi ya ku Mtendere.
Kondakitala akuti kalipirenso malo.
Ndakakhazika pamiyendo,
kakulemera bwino, kulemera koyenera.