Khoma Limodzi

Fanuwelo amagona khoma limodzi ndi bala.
Usiku masipika akayamba kugunda
njerwa zimanjenjemera pamsana pake,
dothi n'kumayoyokera pa kope la masamu.
Ine ndimagulitsa madzi pa kiyosiki ya ku Chankhanga.
Ndinamudziwa akadanyamula kachigubu ka malita asanu
ndi manja awiri, akupumira m'njira.

Bambo ake anapita pa utenanti ku Chamama,
chaka chachitatu chino, ngongole ya feteleza sinathe.
Mayi ake amalawirira kukadali mdima
kukaima pamzere wa ganyu yosankha mtedza.
Nanga akumulera ndani?
Akumulera ndi chithaphwi cha pakhomo,
timabotolo ta kachasu tomwe amatola m'ngalande,
ndi kanema wa m'chisakasa cha Zakeyu
momwe munthu amafa kakhumi pa handiredi kwacha.

Bwalo lomwe ankamenyapo chikulunga
analigula wina, anamangapo mpanda
n'kusomeka magalasi osweka pamwamba.
Tsono mapazi aja amenye chiyani?
Lachiwiri anamenya galu.
Lachisanu anamenya mnzake wa fomu wanu,
dzino linatsala mumchenga.

Aphunzitsi akuti ndi mwano.
Kutchalitchi akuti ziwanda.
Anebahudu anamumanga ndi linya pa polo ya magetsi
yomwe babu lake linapsa mvula ya dzana,
anthu n'kudzaza ngati pafika salaula.
Palibe anafunsa
kuti mwanayu anagona liti tulo mpaka kucha.

Sindikumuikira kumbuyo ayi.
Anandibera faifi sauzande m'kachitini,
ndinatukwana mpaka mawu kusasa,
ndipo ndalamayo ndikuifunabe.
Koma chimanga chodzala pansi pa bulugama
umachikalipira bwanji kuti chachita chikasu?

Dzulo madzi anasiya masana.
Ndinamupeza pakonkire ya kiyosiki, ali yekha,
akulumikiza ndi waya patapata wa mlongo wake,
kalilime kali panja
monga ankachitira pophunzira kulemba dzina lake pafumbi.
Sanandione.
Ndinaima chete, makiyi m'manja,
kuopa kuti angalire.

Kenaka kuseri kuja anayatsa jenereta,
sipika inatsokomola kawiri.
Ndinaona mapewa ake akukwera, nsagwada zikuuma,
ngati munthu wamva dzina lake likuitanidwa
ndi mawu omwe sangawakane.
Patapata uja anausiya pomwepo.
Ndausunga. Uli pansi pa kauntala,
waya wake sanamalize kupota.