Mphindi Zisanu ku Joensuu

Anati ndibwere wosadya,
wosasuta, wosamwa khofi.
Fodya ndinaleka kale, ndinawauza,
chaka chomwe anandilowetsa kawaya mumtima.
Khofi ndiye nkhani ina.
M'mawa wa Januwale kuno, dzuwa lisanaganize n'komwe zotuluka,
munthu wopanda khofi ndi chipika.

Tuulikki, mtsikana wa manja ozizira,
wandigoneka chagada,
wandimanga lamba m'munsi mwa chigongono,
wandipaka mafuta oterera
n'kukhazika kachipangizo kake pamkono.
Pakanema paoneka mizere iwiri yotuwa,
pakati pake mdima.
"Mtsempha wanu ndi umenewo, bambo Kontkanen.
Tikufuna tione ngati umamva."

Kumva?
Ine ndimayesa mtsempha ndi paipi basi.

Wapopa. Lamba wathina.
Mphindi zisanu, musagwedezeke.

Mphindi yoyamba, zala zayamba kuiwala mwini wake.
Iye akulankhula maso ali pakanema:
m'kati mwa mtsempha uliwonse, akuti,
muli kakhungu kopyapyala kuposa ka anyezi.
Magazi akamakakhula pothamanga
kamanong'oneza khoma: masuka, pereka njira.
Kakatopa kamakhala chete,
khoma limauma gwa,
ndipo mafuta amapeza pogwira.

Yachiwiri, dzanzi lafika m'chikhatho.
Ndikuona bambo anga pa Pielisjoki,
ndodo ya ngowe m'manja,
akudumpha pazipika zoyandama ngati akuyenda pabwalo.
Chipika chimodzi chikapingasa, ankati,
usachitukwane.
Funsa gombe chifukwa chake lachigwira.

Yachitatu.
Buledi wawo batala ankachita kuunjika,
kukhuthala ngati chala chachikulu,
nyama ya nkhumba yamchere, mkaka wosachotsa mafuta,
ndudu pakamwa kuyambira mbandakucha.
M'nkhalango yozizira munthu ankadya kuti asafe.
Anawapeza atatsamira mtengo wa paini,
macheka akulirabe m'chipale chofewa.
Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi.
Mkulu wanga Taisto anawaposa ndi zitatu zokha.
Kwathu akazi amasiye ankadzaza benchi yonse kutchalitchi
tsitsi lawo lisanachite imvi.

Yachinayi sindinaiwerenge.
Ndimamvetsera wotchi yapakhoma
ndi ngolo ya mankhwala ikulira gudumu limodzi m'khonde.

"Ndikumasula tsopano."

Fuu.
Magazi atsika ngati madzi a Meyi atathyola ayezi,
dzanja lonse moto, singano zikwi.
Tonse awiri maso pamizere ija.
Ndikudikira itakasuke,
ipatukane, ipereke malo
monga gombe labwino limachitira madzi akadzaza.

Yasuntha.
Kapena ndi maso anga.

Tuulikki akuyeza, akuyezanso,
akulemba kanambala kakang'ono, osakatchula.
"Adokotala akufotokozerani.
Koma kakhungu aka si mwala, bambo.
Kuyenda kumakadzutsa. Mapiritsi aja musadumphitse."

Zaka zonsezi ndinkaimba mlandu mtima,
ndinkaukwiyira pokwera masitepe
pamene chifuwa chathina ngati wina wachikhalira,
kapiritsi kakusungunuka pansi pa lilime.
Chonsecho wolefuka anali uyu,
wantchito wosaoneka, wopanda dzina m'nyumba mwanga,
amene ndinamufukiza utsi zaka makumi atatu
iye akunong'onabe, masuka, masuka,
mpaka mawu anamuthera.

Panja kwayera mbuu.
Basi nambala 2 yaima, chitseko chatseguka,
dalaivala wandiyang'ana.
Ndamukupizira dzanja lomwe lija, lofiirabe, kuti azipita.

Kuchokera pano kukafika pamlatho ndi mtunda ndithu.
Ndikuyenda pang'onopang'ono, nsapato zikukukuta ayezi.
Pansi pa madzi oundanawo mtsinje ukuyenda,
sindikuuona, koma ndikudziwa.
Kutsidya kuli kanyumba ka khofi.
Ndikaitanitsa kapu imodzi ndi buledi wakuda,
ndipo mayi uja akafunsa za batala
ndikaona chimene pakamwa panga pakayankhe.