Levulo m'Shedi ya Siebrand

Bokosi linabwera Lachiwiri kuchokera ku Groningen:
zitsulo zitatu, kathumba ka mabawuti,
ndi pepala lojambulapo manja a munthu wopanda nkhope.
Linagona pakhomo la shedi masiku anayi.
Loweruka, mvula itakana kukata,
ndinati lero ndi lero.

Kuno ku Loppersum mdima wa Novembala
umafika khofi wamasana asanazizire.
Ndinayatsa getsi.
Nati ya gudumu lakutsogolo inali itadyeka ndi dzimbiri;
sipanala inaterereka kawiri,
kachitatu inapita ndi khungu la chala changa.
Ndinayamwa magazi, ndinatukwana
mawu omwe Siebrand ankatukwanira tcheni.
Njingayi inali yake.
Chishalo chikadali pamsinkhu wake.
Chaka chachiwiri chino ndikupalasa monyang'ama,
sindinachitsitse.

Miyendo iwiri ya kaliyala ilowe pa ekiselo,
kachitsulo kachitatu kagwire pamutu pa foloko
pamene pamakhala nyale.
Nanga nyaleyo ilowere kuti? Pepala lili duu.
Nthambo ya buleki nayo ikuphwanyidwa, ikufuna mpata.
Ndinamasula, ndinabweza, ndinamasulanso.
Mabawuti onse ndinawasiya okhwepa,
poti womanga woyamba mpaka kulira
amadzapeza wachitatu sakulowa pabowo.

Ndiye levulo, yathabwa ija yothimbirira,
dzina lake analizokota ndi msomali.
Kathovu kanathawira kumbuyo
ngati mwana woona alendo.
Ndinatsitsa mphuno ya kaliyala pang'ono: kanadutsa.
Ndinakweza: kanabwerera.
Mawashala awiri kumanzere, imodzi kumanja,
mawondo atazizidwa pasimenti,
mpaka kanaima pakati pa mizere iwiri,
phee.
Ndinamanga. Ndinagwedeza. Nganganga.
Usiku umenewo ndinagona tulo tosatembenuka.

M'mawa ndinaika kreti, maapozi khumi ndi anayi
a mlongo wanga Ubbo ku Appingedam.
Gudumu litangoponda njerwa za mumsewu,
gudubugudubu, onse anathamangira kutsogolo,
limodzi n'kudumpha, ulendo wa kungalande.
Kaliyala wawerama ngati wataya ndalama.

Harmke, woyandikana naye, ali pazenera ndi kapu yake.
Anatsegula: Wietske, unayezera m'shedi?
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ndinacheuka kuiyang'ana shediyo.
Mng'alu uja ulipo, wolowa dzanja lonse,
kuyambira usiku womwe nthaka inagwedezeka,
mbale zikuyimba m'kabati,
gasi atamupopa pansi pathu zaka ndi zaka.
Simenti inatitimira chakumbuyo.
Ndimaiponda tsiku ndi tsiku, mapazi anazolowera.
Levulo sinaname.
Ndine ndinaifunsa nditaima pokhota.

Tinayambiranso panja, m'mvula yowaza.
Harmke wavala jekete pamwamba pa zogonera,
wapana gudumu ndi mawondo, wagwira mahandulo.
Sipanala ikuzizira ngati nsomba.
Washala imodzi inagwera pakati pa njerwa,
tinaitokosa ndi chopanira tsitsi chake.
Kathovu kabwera, kabwera, kafika pakati.
Ndikuti ndimange, iye akuti ayi,
kweza mphuno pang'ono, kaphonye mzere.
Katundu azitsamira kwa iwe, mwini wake;
ukagwira buleki pamlatho udzandithokoza.

Ndinamvera.
Kathovu kanakhala pambali, theka kunja kwa mzere.
Siebrand akanakaona akanaluma mlomo.

Maapozi atsala khumi ndi atatu,
onse aunjikana kumbali kwanga.
Njinga ikulemera kumutu, ikukhota mochedwa,
ngati ikuyamba yaganiza.
Nyale ndaimangirira ndi waya pansi pa kreti,
ikuunikira matope a patayala.
Ndidzaikonza.
Mphepo ikuchokera kunyanja, minda ya mbatata ili mbee,
makilomita asanu ndi awiri kukafika kwa Ubbo.
Sipanala ili m'thumba la jekete, ikundigunda ntchafu.
Pamlatho wachiwiri ndinaima,
ndinayang'ana nati ya pansi pa chishalo,
nthawi ndithu.