Wopanda Mfuti

Asilikali anga anafika m'chitini cha mabisiketi,
chadzimbiri, chomangidwa ndi mphira,
pansi pa belo la kaunjika pamsika wa Kamwendo.
Wogulitsa anati, "Zidole za ana izi, ingondipatsani ya sopo."
Kunyumba ndinawawerenga: makumi anayi ndi mmodzi,
aliyense wamfupi kuposa chala changa chaching'ono,
otuwa ngati phulusa, opanda maso.

Zaka makumi atatu ndalemba zikwangwani pa Boma la Mchinji:
GOLOSALE, BUTCHALA, TIMAWOTCHERERA,
zilembo zoti wa lole yopita ku Mwami aziwerenge asanaponde buleki.
Lero burashi yanga ndi ubweya utatu wa kumchira kwa mphaka
womangidwa pa kamtengo ka machesi.
Ndimayamba ndagwira mpweya ndisanadontheze diso.
Dzanja likanjenjemera
sajeni amatuluka ndi diso patsaya.

Khaki ndimasakaniza m'chivindikiro cha botolo:
wachikasu, kadontho ka wakuda, kafumbi ka njerwa.
Nangozo amati, "Penti wa chitseko chathu munati palibe."
Sindiyankha. Ndili pa batani lachitatu.

Loweruka aphunzitsi a Mlongoti amabwera panjinga,
madayisi awiri m'thumba la malaya, rula ya kusukulu kukhwapa.
Tebulo lathu limasanduka dziko.
Mpango wabuluu ndi mtsinje,
mbale yovundikira ndi phiri,
utuchi wonyika mu penti wobiriwira ndi tchire.
Iwo amayeza, ine ndimaponya,
asanu agwa chagada pafupi ndi mchere.
Timawadzutsa n'kuyambiranso.
Palibe mayi amene amalandira kalata.

Usiku wina magetsi atathima
ndinawafoletsa pakandulo, mithunzi yawo ikukwera khoma,
ndipo ndinaona: onse ali ndi mfuti.
Agogo anga a Chidzanja anapita kunkhondo ya Jeremani opanda mfuti.
Anasenza mabokosi a zipolopolo
miyezi imene iwo eni analeka kuiwerenga.
Anabwerako ndi dazi la nkhata
ndi chifuwa chimene ndinkachimva ndili mwana, kuseri kwa nkhokwe.
Mendulo ayi. Chithunzi ayi.

Ndinatenga mmodzi. Ndi lezala ndinapala mfuti,
ndinapala nsapato, ndinasema zala zakuphazi,
ndinapota nkhata ya ulusi wakuda,
bokosi ndinadula ku chidendene cha patapata.
Masiku anayi pa munthu mmodzi.
Nkhope yawo ndinaiiwala kalekale,
ndinabwereka ya amalume.

A Mlongoti anavala magalasi, anatembenuza kabuku ka malamulo
kutsogolo, kumbuyo.
"Uyu alibe nambala. Saombera, sathamangitsa mdani.
Timuika pati?"
Tinakangana mpaka tiyi anachita khungu pamwamba.
Kenaka ananyambita pensulo
nalemba m'mphepete mwa tsamba:
wosenza akagwa, gulu lonse liima.

Chiyambire tsikulo, mphunzitsi wopanda chisoniyu
amayamba walunjika iyeyo.
Ine ndimamubisa kuseri kwa mbale,
ndimamuzinga ndi asilikali khumi,
ndimataya mtsinje, ndimataya phiri, bola iye.

Loweruka lathali dayisi linagubuduka, linazungulira supuni,
linaima pa sikisi.
Anagwa.
Makumi anayi, mabatani akunyezimira, mfuti m'manja,
anangoima njo pafupi ndi mchere.
A Mlongoti sanaseke. Anapukuta magalasi nthawi yaitali.
Ine dzanja linakana kumudzutsa.

Analowa Nangozo ndi makope a adzukulu.
Anamutola ndi zala ziwiri, anamupukuta pachitenje,
anayang'anitsitsa kabokosi kaja,
nakakolopola ndi chikhadabo.
Anamukhazika pazenera, mutu wopanda kanthu, akuyang'ana kumsewu.
"Awa atula," anatero.
"Enanu chotsani nkhondo yanu,
ana akufuna kulemba masamu."