Ana Atatu a Mimba Imodzi

Ku Ulongwe ntchito yanga n'kusankha.
Ndimakhala pachiguduli kuseri kwa msika,
mbatatesi ya ku Tsangano ili mulu pakati pa miyendo:
yaikulu m'thumba lopita ku Tete,
yaing'ono ya mbewu,
yotemedwa ndi khasu pambali, tidya tokha.
Palibe mbatatesi inandidandaulapo.

Aphunzitsi Jelevaziyo, pogula ndowa imodzi,
anati mawuwa ndi ana a mimba imodzi:
kusankha, chisankho, tsankho.
Woyamba ali m'manja mwangamu,
wachiwiri amadetsa chala ndi inki,
wachitatu sanamufotokoze. Anangolipira n'kumapita.

Wachitatuyo anabwera naye Zakeyu
kuchokera ku Moatize, Lachinayi usiku,
fumbi la malasha lili m'nsidze.
Anaima pachipata cha mgodi masiku asanu ndi anayi,
mapepala ali m'pulasitiki.
Kalaliki anaona chitupa, anaona chidindo,
kenaka anamva mmene mwana wanga amaperekera moni.
"Lilime ili n'la kutsidya kwa malire.
Ima uko."
Ukoko kunalibe mzere. Kunali dzuwa basi.

Kusiyanitsa sindikukana ayi.
Diso losasiyanitsa nyemba ndi mwala limaswetsa dzino.
Koma ine ndimaitembenuza mbatatesi iliyonse,
ndiione mbali zonse ndisanaiponye.
Kalaliki uja sanamutembenuze mwana wanga.

Lero Zakeyu wakhala pafupi nane, tikusankha limodzi.
Manja ake ngofulumira kuposa anga.
Koma ndaona, ikamufika yokhala ndi bala
amaigwira nthawi yaitali
asanaiike pambali.