Tsamba 86

Buku la mwezi uno sindinalimalize.
Ndinalekera pa tsamba 86,
pamene mayi wa m'nkhaniyo akutseka chitseko
kusiya ana awiri ali m'tulo.
Ndinaikapo tikiti ya basi,
ndipo yagona pomwepo masabata atatu
ngati mlendo wosadziwa kutsazika.

Ndimawerengera ku ntchito, usiku,
manja akununkha sopo wa nkhalamba za eni.
Mizere itatu, belu.
Mizere iwiri, belu.
Bambo Whitaker a m'chipinda chachisanu akufuna madzi,
akufunanso akazi awo amene anatisiya kalekale.
Ndimawapatsa madziwo.

Komabe Lachiwiri likakwana ndimapita,
kuboola kamvula ka ku Leeds kosadziwa kugwa, kosadziwa kukata,
mpaka ku laibulale ya ku Harehills, chipinda cham'mwamba,
mipando isanu ndi iwiri, umodzi wotsimphina,
ketulo yolira ngati sinalandire malipiro.
Bernadette amabwera ndi mabisiketi
ndi maganizo ophikaphika kale.
Parveen amalemba ndi pensulo m'mphepete mwa masamba
kenako n'kufufuta, poti bukulo n'lobwereka.
Oksana amakhala pafupi ndi zenera, osavula chikhoti.

Lero funso lagwa pakati pathu ngati mbale yadothi:
kodi mayi uja tingamukhululukire?
Bernadette akuti ayi, mayi sachoka,
ngakhale denga litayaka moto.
Parveen akuti mwina, tione kaye chimene chinamuthamangitsa.

Tiyi wandizizirira m'manja.

Ndikanawauza kuti nanenso ndinatsekapo chitseko,
m'bandakucha wina ku Chirimba,
Sungeni ali ndi zaka zinayi,
atagona chopingasa, chala m'kamwa.
Nsapato ndinanyamula m'manja kuti zisamudzutse.
Zaka zisanu ndinali mawu odukaduka a pa foni,
ndinali ndalama ya kumapeto kwa mwezi,
ndinali juzi yofika itamuchepera kale.

Koma pa nkhani zoterezi Chingerezi changa chimaterera
ngati msewu wa mu Januwale.
Ndangoti, pepani, sindinafike kumapeto.
Oksana wandiyang'ana nthawi yaitali,
kenako wandikankhira mbale ya mabisiketi.
Nayenso, ndaona, ali ndi chitseko chake.

Kunyumba ndapeza Sungeni, wa zaka khumi ndi zinayi tsopano,
miyendo atasanjika pa mpando wanga,
akudya buledi wopanda kanthu.
Mwanayu amawerenga ngati akuthamangitsidwa.
Amandikonza katchulidwe pamaso pa anthu m'sitolo.
Dzina loti amayi anasungira mkulu wanga
amene anamuzula dzino loyamba.
Ine amandiitana m'chilankhulo cha kuno,
kaliwu kafupi, kopepuka, kosatopetsa pakamwa.

Wati, buku lanu lija ndinaliba sabata yatha,
ndinalimaliza masiku awiri.
Ndikuuzeni mmene zinathera?

Ndati ayi.
Ndalumikiza simbi, ndayala yunifolomu ya usiku uno.
Nthunzi yakwera pakati pa iye ndi ine.
Kenako pakamwa panga pandithawa:
ndiwerengere.

Wapukusa mutu, waseka kuseka kwa m'mphuno kwa bambo ake,
koma watsegula.
Tikiti ija yagwa pansi, palibe waitola.
Tsamba 87.
Mayi uja ali pa siteshoni, chikwama chili pamiyendo,
sitima yachedwa.

Mawu a Sungeni amakwera kumapeto kwa chiganizo
monga amachitira ana a mu msewu uno,
koma akafika pa dzina la mwana wamng'ono uja
amalikoka pang'ono, mwa kwathu,
osadziwa kuti walikoka.

Sindikudziwa ngati mayiyo adzabwerere.
Kolala ndaisita kawiri.
Basi yanga ndi ya hafu eyiti,
ndipo mwanayu, amene sanandifunsepo chifukwa chake,
waima pakati pa ndime,
chala pa mzere,
akufunsa ngati ndikumvetsera.